Dzuwa Likalowa, Magetsi Achokere Kuti?



Pa Golomoti m'boma la Dedza, pachigwa cha m'munsi mwa mapiri, pali malo opangira magetsi a dzuwa okwana mamegawati 20, amene anayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2022. Mlendo akafika, maso ake amagwera pa mapanelo, poti ndi amene amanyezimira. Koma chimene chinatchukitsa malowa mpaka kunja chili pambali, m'makontena achitsulo: mabatire otha kusunga mayunitsi 10,000 a magetsi, mayunitsi omwewa amene anthu amagula pa foni n'kulowetsa mu mita kunyumba. Mtambo ukaphimba dzuwa mwadzidzidzi, mabatirewo amatseka mpatawo nthawi yomweyo, ndipo dzuwa likapendeka amatulutsa zimene anasunga masana. Anali m'gulu la mabatire oyamba a msinkhu umenewu kulumikizidwa ku mawaya a dziko lonse kuno kumwera kwa chipululu cha Sahara.

Kupanga magetsi kuchokera ku dzuwa sikulinso kovuta kapena kodula. Bungwe la IRENA, lomwe limatsata nkhani za mphamvu ya dzuwa, mphepo ndi madzi pa dziko lonse, linawerengera kuti pakati pa 2010 ndi 2023 mtengo wa magetsi ochokera m'minda ikuluikulu ya sola unatsika ndi pafupifupi 90 peresenti. Vuto limene latsala ndi la nthawi. Anthu amafuna magetsi ambiri madzulo, mphika uli pamoto, ana atatsegula makope, wailesi ndi TV zitayatsidwa, ndipo apo dzuwa limakhala litalowa kale. Mphepo imaomba pamene yafunira. Madzi a m'mitsinje, amene mayiko a kuno akhala akuwadalira kuyambira kale, aonetsanso kuti sangadaliridwe okha. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire, Malawi n'kutaya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yopitirira chaka. Mu 2024 chilala chinatsitsa madzi a m'nyanja ya Kariba mpaka mabanja ambiri ku Lusaka ankakhala maola 20 kapena kuposerapo pa tsiku opanda magetsi.

Ndiye funso limene lasowetsa tulo akatswiri a sayansi ndi lakuti magetsi asungidwe m'chiyani. Kwa zaka zambiri iwo ankafunafuna zinthu zopepuka ndi zamphamvu, kaya zikhale zosowa, kaya zikhale zodula. Masiku ano kafukufuku watembenukira ku chitsulo, mchere, makala ndi mchenga, zinthu zimene zimapezeka pafupifupi m'dziko lililonse. Kutembenuka kumeneku ndi nkhani yaikulu kwa mayiko osauka kuposa mmene ambiri akuganizira.

Batire la mu foni linabadwa chifukwa cha mavuto a mafuta a m'zaka za m'ma 1970. Kampani ya mafuta ya Exxon, poopa kuti mafuta adzatha, inalemba ntchito Stanley Whittingham, katswiri wochokera ku England, ndipo iye anapanga batire la lithium lotha kutchajidwa. Linkagwira ntchito, koma linkagwiranso moto, moti ozimitsa moto anaitanidwa kangapo ku labotale yake. Mafuta atatsika mtengo, Exxon inabwerera m'mbuyo pa ntchitoyo. Mu 1980 John Goodenough, ali ku yunivesite ya Oxford, anapeza kuti msanganizo wa lithium, cobalt ndi okosijeni umapereka ma volt 4, pafupifupi kuwirikiza kawiri batire la Whittingham. Mu 1985 Akira Yoshino wa ku Japan anachotsamo lithium weniweni, yemwe sachedwa kuyaka, n'kuikamo mtundu wa makala otsalira poyenga mafuta. Kampani ya Sony inayamba kugulitsa batireli mu 1991. Atatuwa analandira mphoto ya Nobel mu 2019, Goodenough ali ndi zaka 97, wamkulu kuposa wina aliyense amene anailandirapo. Kuchokera ku labotale kufika m'sitolo panapita zaka pafupifupi 20, ndipo aliyense womva nkhani za batire latsopano pa wailesi azikumbukira chiwerengero chimenechi.

Kagwiridwe kake n'kosavuta kumva. Batire lili ndi mbali ziwiri, ndipo pakati pake pali madzi apadera. Potchaja, tizidutswa ta lithium tosaoneka ndi maso timachoka mbali imodzi, kudutsa m'madziwo, n'kukalowa m'mipata ya mbali inayo, imene masiku ano imakhala ya graphite, mwala wofewa womwe uja uli m'kati mwa pensulo. Foni ikamagwira ntchito, tizidutswato timabwerera kumene tinachokera, ndipo ulendo wobwererawo ndi umene umakankha magetsi m'mawaya. Luso lonse lagona pa kupeza zinthu zokhala ndi mipata yoti lithium azilowa ndi kutuluka kambirimbiri osazigumula.

Cobalt anagwira bwino ntchito imeneyi, koma anabwera ndi misozi yake. Pafupifupi 70 peresenti ya cobalt yense wa pa dziko amakumbidwa ku Democratic Republic of Congo, makamaka kufupi ndi Kolwezi. Wambiri amachokera m'migodi ya makampani, koma gawo lina limachokera m'maenje okumba ndi manja, mmene anthu amatsika opanda chisoti ndipo ana amatsuka miyala m'mitsinje. Bungwe la Amnesty International linaulula zimenezi mu lipoti lake la 2016, makampani a mafoni ndi magalimoto n'kugwira njakata. Cobalt ndi wodulanso, ndipo mabatire ake akatentha kwambiri amatulutsa okosijeni amene amakolezera moto. Mu Januwale 2025 nyumba yodzaza mabatire a mtundu wokhala ndi nickel ndi cobalt inapsa ku Moss Landing m'chigawo cha California ku America, anthu oposa 1,000 n'kusamutsidwa kwa kanthawi.

Njira yothawira cobalt inali itapezeka kale. Mu 1997 gulu la Goodenough yemweyo, atasamukira ku yunivesite ya Texas, linafalitsa zotsatira za batire la lithium, chitsulo ndi phosphate, phosphate yemwe amapezekanso mu feteleza. Batireli limadziwika ndi zilembo zakuti LFP. Poyamba ambiri analinyoza. Silinkadutsitsa magetsi bwino, ndipo limasunga mphamvu yocheperapo pa kilogalamu iliyonse. Akatswiri ena, kuphatikizapo Michel Armand ndi anzake ku Canada, anapeza mankhwala ake: kupera ufa wake kuti ukhale wosalala kotheratu, n'kukuta kambewu kalikonse ndi makala opyapyala kwambiri. Makampani a ku China monga CATL ndi BYD anatola nzeruzo n'kuzikulitsa m'mafakitale. Mu 2020 BYD inaonetsa poyera batire lake likubooledwa ndi msomali popanda kuyaka. Pofika 2024 pafupifupi theka la mabatire onse a magalimoto a magetsi anali a LFP, ndipo m'makontena osungira magetsi a m'mizinda ndi amene alanda malo. Batire loima pamalo amodzi silifunika kupepuka. Limafunika kutchipa, kulimba ndi kusayaka, ndipo LFP imatchajidwa maulendo masauzande angapo isanafooke, kutanthauza zaka 10 kapena kuposerapo ikutchajidwa tsiku ndi tsiku.

Mitengo yatsatira. Akawuniwuni a BloombergNEF anapeza kuti mu 2010 batire lotha kusunga yuniti imodzi linkagula madola oposa 1,000 a ku America. Mu 2024 linali pa madola 115. N'chifukwa chake California anapitirira mamegawati 10,000 a mabatire m'chaka chomwecho, ndipo madzulo ena mabatire ndi amene amapereka magetsi ambiri kuposa gwero lina lililonse m'chigawocho.

Lithium nayenso anachita zake. Mu Novembala 2022 mtengo wake ku China unafika pafupifupi ma yuan 600,000 pa tani, ndipo eni mafakitale anayamba kufunsa ngati palibe china chotchipa. Chinalipo. Sodium, yemwe ali mu mchere wa m'ndiwo, ndi pachibale pa lithium ndipo amachita zinthu mofanana, koma m'nthaka alimo wochuluka kuwirikiza pafupifupi 1,000. Opanga mabatire amamutenga mu soda, monga amene amakumbidwa ku Sua Pan ku Botswana ndi ku nyanja ya Magadi ku Kenya. Chovuta n'chakuti kachidutswa ka sodium n'kakakulu ndiponso kolemera, moti sikalowa bwino m'mipata ya graphite. Ofufuza anapeza kuti kamalowa m'makala olimba, ootchedwa pa moto woposa madigiri 1,000 mopanda mpweya. Makala amenewa akupangidwa kuchokera ku zikamba za kokonati, ndipo m'malabotale osiyanasiyana ayesapo makoko a mtedza, mankhusu a mpunga ndi zitsononkho za chimanga. Batire la sodium silifunanso kopa mkati mwake monga la lithium, aluminiyamu yotchipa imakwanira mbali zonse ziwiri, ndipo likhoza kuthetsedwa moto wonse ponyamula osaonongeka.

CATL inalengeza batire lake loyamba la sodium mu Julayi 2021, ndipo mu 2024 ku Qianjiang m'chigawo cha Hubei ku China anatsegula malo osungira mayunitsi 100,000 m'mabatire a sodium okhaokha. Komabe njira yake si yosalala. Lithium atatsikanso mtengo, kufika pansi pa ma yuan 100,000 pa tani, phindu la sodium linachepa, ndipo kampani ya Natron Energy ya ku America, imene inadalira sodium yekha, inatseka zitseko mu 2025. Sodium apambana pokhapokha mafakitale ake atakula mpaka mtengo utsike pansi pa LFP. Chimene wachita kale n'chakuti waika malire: lithium akadzakweranso mopanda chifundo, ogula ali ndi kolowera.

Pali mtundu wina umene manyuzipepala amaukonda kwambiri, batire lopanda madzi mkati, lokhala ndi chinthu cholimba pakati pa mbali ziwirizo. Mu 2011 gulu la Ryoji Kanno ku Japan linapeza chinthu cholimba chodutsitsa lithium mwachangu ngati madzi enieni, ndipo Toyota yalonjeza magalimoto a batire lotere pakati pa 2027 ndi 2028. Likadzafika lidzathandiza magalimoto odula kuyenda mtunda wautali. Mudzi wopanda magetsi suli pa mzere woyamba wa opindula nalo.

Mabatire onsewa amakwanira maola ochepa, kawirikawiri awiri mpaka anayi. Nanga mvula ya mvumbi ikagwa sabata yathunthu, kapena chiperoni chikaphimba thambo masiku angapo? Apa ndi pamene kafukufuku wafika pa zinthu zodabwitsa. Kampani ya Form Energy, imene mmodzi mwa oyambitsa ake ndi Yet-Ming Chiang wa ku yunivesite ya MIT, ikupanga batire la dzimbiri. Chitsulo chikakumana ndi mpweya ndi madzi chimachita dzimbiri, monga aliyense amene anaiwalapo khasu panja amadziwira, ndipo pochita dzimbiripo chimatulutsa mphamvu. Batireli limakola mphamvuyo n'kuisandutsa magetsi. Potchaja, magetsi amachotsa okosijeni m'dzimbirimo, chitsulo n'kubwerera mwakale. Lapangidwa kuti lizipereka magetsi maola 100 osalekeza, ndipo fakitale yake ili ku Weirton m'chigawo cha West Virginia ku America, tauni imene kale inkadalira mafakitale a zitsulo. Chilema chake n'chachikulu: theka la magetsi olowa, kapena kuposerapo, silibwerera, pamene batire la lithium limabweza 85 mpaka 90 peresenti. Eni ake amati zilibe kanthu ngati magetsi a masana ndi ongotayika kale. Kaya akunena zoona, zidzaoneka mabatirewo akatha zaka zingapo pantchito.

Maria Skyllas-Kazacos wa ku yunivesite ya New South Wales ku Australia anatenga njira ina m'zaka za m'ma 1980. Iye anasunga mphamvu m'madzi osungunuliramo vanadium, oikidwa m'mathanki awiri ndi kupopedwa kudutsa pa kansalu kowalekanitsa. Wofuna kusunga zambiri amangokulitsa mathanki. Madziwo sayaka ndipo sakalamba msanga. Mu 2022 mzinda wa Dalian ku China unayatsa batire lotere losunga mayunitsi 400,000. Ku Finland, m'tauni ya Kankaanpää, kampani ya Polar Night Energy inadzaza thanki ndi matani 100 a mchenga mu 2022, n'kumautenthetsa ndi magetsi otsala a mphepo ndi dzuwa mpaka madigiri pafupifupi 500, kuti kutenthako kuzifunditsa nyumba za anthu nyengo yozizira. Kuno nyumba sizifuna kufunditsidwa, koma mafakitale a tiyi, fodya ndi shuga amafuna kutentha kochuluka, ndipo mitengo yambiri yathera pa ntchito imeneyo. Ndiye pali njira yakale kuposa zonsezi, imene mpaka pano imasunga mphamvu zambiri pa dziko lonse: kupopera madzi ku damu la pamwamba pa phiri magetsi akachuluka, n'kuwatsitsa kudzera m'makina akachepa. Ku Ingula, m'mapiri a Drakensberg ku South Africa, njirayi imapereka mamegawati 1,332.

Tsopano tibwerere ku panelo leniyeni, chifukwa nalonso likusintha. Mu 1954 akatswiri a Bell Labs ku America anapanga kaselo ka silicon kamene kankasandutsa 6 peresenti ya kuwala kukhala magetsi. Mapanelo abwino a m'masitolo lero amapitirira 20 peresenti. Koma silicon ali ndi polekezera. Kuwala kwa dzuwa kuli ndi mitundu yambiri, kuyambira wabuluu wamphamvu mpaka wofiira wofooka, ndipo chinthu chimodzi sichingakole yonse bwinobwino. Mphamvu yotsala ya kuwala kwabuluu imangosanduka kutentha. Masamu amaonetsa kuti silicon yekha sangadutse 29 peresenti ndi pang'ono, ndipo malabotale afika kale pafupi ndi pamenepo.

Mu 2009 Tsutomu Miyasaka wa ku Japan anayesa mtundu wa mchere wopangidwa m'labotale wotchedwa perovskite. Kaselo kake kanangofika 3.8 peresenti, ndipo kankasungunuka pakangopita mphindi zochepa. Ambiri sanakalabadire. Mu 2012 magulu a Henry Snaith ku Oxford ndi Nam-Gyu Park ku South Korea anachotsamo madzi amene ankakasungunula, kaseloko n'kufika pafupifupi 10 peresenti. Lero kadutsa 26 peresenti. Ulendo umene silicon anauyenda zaka zoposa 60, perovskite wauyenda m'zaka 15.

Chokoma chake chili pa kapangidwe. Silicon amasungunulidwa pa madigiri oposa 1,400, kenako n'kudulidwa mapale opyapyala. Perovskite amasakanizidwa m'botolo, kupakidwa pa galasi, n'kuumitsidwa pa madigiri 100 mpaka 150. Kokutako kumakhala kopyapyala kuposa tsitsi la munthu kuwirikiza pafupifupi 100. Ndipo posintha zosakaniza, katswiri akhoza kusankha mtundu wa kuwala umene perovskite akole. Apa ndi pamene panabadwira nzeru yosanjikiza: perovskite pamwamba, silicon pansi. Mlimi wodzala maungu m'munda wa chimanga amaidziwa kale nzeru imeneyi, chimanga chimadya dzuwa la pamwamba, maungu amatola limene ladutsa, munda umodzi n'kupereka zokolola ziwiri. Perovskite amakola kuwala kwabuluu, kofiira kumadutsa n'kukakoledwa ndi silicon. Kampani ya LONGi ya ku China inafika 33.9 peresenti ndi kaselo kotere mu 2023, kenako 34.6 mu 2024. Mu Seputembala 2024 kampani ya Oxford PV, imene fakitale yake ili ku Brandenburg ku Germany, inatumiza mapanelo oyamba osanjikiza kwa wogula wa ku America, okwana 24.5 peresenti. Japan, yemwe ndi wachiwiri pa dziko lonse popanga iodine, chimodzi mwa zosakaniza za perovskite, wadziikira cholinga cha mamegawati 20,000 a mapanelo amenewa pofika 2040.

Kusiyana kwa 34.6 ndi 24.5 kuli ndi phunziro. Chiwerengero choyambacho ndi cha kaselo kakang'ono ngati chikhadabo, koyesedwa m'chipinda choyera. Chachiwiricho ndi cha panelo lathunthu lotuluka m'fakitale. Ndipo funso lalikulu silinayankhidwebe. Panelo la silicon limagulitsidwa ndi chitsimikizo cha zaka 25. Perovskite amadana ndi chinyezi, amadana ndi kutentha, ndipo kuwala kwenikweniko kumasuntha tizidutswa take mkati. Mitundu yake yogwira bwino ili ndi mtovu wosungunuka m'madzi, ngakhale ndi wochepa. Ofufuza apita patsogolo pomata bwino magalasi ndi kusintha zosakaniza, koma palibe panelo la perovskite limene lakhalapo pa denga zaka 25, poti kaselo ka perovskite kenikeniko sikanakwanitse zaka zimenezo chipangidwireni. Amene angagule mapanelo amenewa panopa ndi mayiko olemera, otha kupirira ngati atafooka msanga. Boma la dziko losauka likhoza kudikira zaka zingapo osataya kanthu, chifukwa silicon ndi wotchipa kale.

Kutentha ndi nkhani imene kafukufuku wa kunja saisamala mokwanira. Mapanelo ndi mabatire amayesedwa pa madigiri 25. Ku Nsanje ndi Chikwawa mu Okutobala ndi Novembala mpweya wokha umadutsa madigiri 40, ndipo panelo lili padzuwa limatentha kufika 60 kapena 70. Panelo la silicon limataya mphamvu pang'ono pa digiri iliyonse yowonjezera, ndipo batire lililonse limakalamba msanga likamakhala motentha. Zimene zalembedwa pa katoni sizimene zimachitika pansi pa malata a ku Ngabu.

Aliyense amene analowapo m'kanyumba kometera tsitsi kapena kotchajira mafoni pa msika wa kumudzi anaona mathero a nkhaniyi. Panelo lili pa denga, lotsinjiridwa ndi njerwa. Waya woonda walowera pa zenera, ndipo pansi pa tebulo pali batire la galimoto, mitu yake itachita ufa woyera, mawaya atapanidwa ndi zopanira zovala. Pofika 8 koloko usiku invetala yayamba kulira, wometedwa watsala ndi theka la mutu. Batire limenelo ndi la mtovu ndi asidi, nzeru ya Gaston Planté ya mu 1859. La galimoto linapangidwa kuti lizipereka mphamvu yaikulu kwa masekondi ochepa polizitsa injini, kenako lizitchajidwa nthawi yomweyo. Likamakhetsedwa moto wonse usiku uliwonse, mapale ake amauma ndipo limafa chaka chisanathe kapena chitangotha. Mwini wake amangoti sola ndi yabodza, pamene panelo lili bwinobwino. Kenako batire lakufalo limaswedwa ndi nkhwangwa, asidi kutayidwa pansi, mtovu kusungunulidwa pa moto wa makala ana akusewera pafupi. Mtovu umaononga ubongo wa mwana ndipo suchoka msanga m'nthaka. Anthu a ku Kabwe ku Zambia akuvutikabe nawo ngakhale mgodi wawo wa mtovu unatsekedwa mu 1994. Kwa wometa uja, kafukufuku wofunika kwambiri wa zaka 30 zapitazi ndi batire la LFP, lodula pogula koma lokhalitsa kuwirikiza kangapo. Misonkho, ngongole zolipira pang'onopang'ono ndi kulondera mabatire achinyengo pa chipata cha dziko zingamufikitsire batire limeneli msanga kuposa china chilichonse chimene chikuphikidwa m'labotale.

Chowawa n'chakuti zipangizo za mabatirewa zambiri zili pansi pa nthaka ya chigawo chino. Ku Balama m'chigawo cha Cabo Delgado ku Mozambique kuli umodzi mwa migodi ikuluikulu ya graphite pa dziko lonse. Ku Kasiya kufupi ndi Lilongwe kwapezeka graphite pamodzi ndi rutile, ndipo kampani ya Rio Tinto inagula masheya mu kampani yofufuzayo mu 2023. Zimbabwe ali ndi lithium ku Bikita ndi ku Arcadia, Zambia ali ndi kopa, South Africa ali ndi manganese ndi vanadium. Koma graphite wotuluka mu mgodi sangalowe m'batire. Ayenera kuperedwa, kuumbidwa timipira tating'onoting'ono, kuyeretsedwa kufika 99.95 peresenti, n'kukutidwa. Ndalama zenizeni zili pa ntchito imeneyi, ndipo yoposa 90 peresenti imachitikira ku China. Gawo la graphite wa ku Balama limawoloka nyanja kukakonzedwa ku Vidalia m'chigawo cha Louisiana ku America. Zimbabwe analetsa kutumiza kunja miyala ya lithium yosakonza mu Disembala 2022, ndipo Zambia ndi Congo anasainirana mgwirizano wopanga zipangizo za mabatire m'chaka chomwecho. Ndi chiyambi chabwino, koma lamulo lokha siliyeretsa graphite. Pamafunika magetsi odalirika, madzi, ndi anthu odziwa Chemistry.

Anthu otere chigawo chino chinawatulutsapo. Michael Thackeray wa ku bungwe lofufuza za sayansi la CSIR ku Pretoria, South Africa, anapita ku Oxford kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo pamodzi ndi Goodenough anapeza kuti manganese akhoza kugwira ntchito m'batire la lithium. Ku CSIR komweko Johan Coetzer anayambitsa batire la ZEBRA, la mchere ndi nickel, zaka zambiri sodium asanatchuke. Nzeruzo zinakapindulira mafakitale a kunja chifukwa kwawo kunalibe wozikulitsa.

Palibe akunena kuti Mzuzu University, MUBAS, MUST kapena University of Zambia apikisane ndi CATL pomanga fakitale. Koma pali mafunso amene palibe wina adzawayankhira anthu a kuno. Batire la sodium limakhala zaka zingati m'nyumba ya malata ku Chikwawa? Fumbi la Seputembala limadya gawo lanji la mphamvu ya panelo ku Salima, kumene kuli munda wa sola wa mamegawati 60? Makoko a mtedza wa ku Mchinji angatulutse makala otani a batire? Mafunso amenewa safuna mabiliyoni. Amafuna bwalo loyesera ku chigwa cha Shire, zida zoyezera, ng'anjo yabwino, ndi ofufuza olipidwa mokwanira kuti akhale pa ntchito imodzi zaka zisanu kapena khumi. Zotsatira zake zingathandize MERA, bungwe loyang'anira za mphamvu, ndi Malawi Bureau of Standards kudziwa zoyenera kulowa m'dziko, ndipo makampani akunja angalipire kuti katundu wawo ayesedwe pa kutentha kwenikweni.

Inu a boma ndi a mabungwe othandiza, pa ndalama zogulira mapanelo ndi mabatire patulani kagawo koyesera ndi kophunzitsira anthu, ndipo konzani njira yotolera mabatire akufa asanafike kwa wa nkhwangwa. Inu ogula, musanatulutse ndalama funsani wogulitsa kuti batirelo ndi la mtundu wanji, limatchajidwa kangati lisanafooke, ndipo chitsimikizo chake akulembereni papepala. Ndipo inu ophunzira a Fomu 3 ndi Fomu 4, makamaka atsikana amene mumauzidwa kuti sayansi ndi ya anyamata, musasiye Chemistry ndi Physics posankha maphunziro. Migodi ya graphite ndi lithium ikutsegulidwa m'chigawo chino panopa, ndipo idzafuna anthu odziwa kuyeza ndi kuyeretsa zimene zikutulukamo.